Mboni Yopanda M'bale

Sajeni sankayang'ana munthu kumaso pomufunsa mafunso. Ankayang'ana manja. Ankati nkhope imaphunzira bodza mwana asanayambe n'komwe sukulu, koma manja ndi mbuli, ena amakalamba osaphunzira. Khalidweli analitola m'shopu ya malemu bambo ake, amene anali telala. Anakulira pansi pa tebulo lodulirapo nsalu, pamene mwana amaona manja okhaokha, ena akusisita nsalu imene sagula, ena akubisa pong'ambika. Anzake kupolisi ankamunena kuti tsiku lina adzamanga munthu chifukwa cha zikhadabo. Iye sankaseka nawo, poti anali atamangapo kale.

Manja amene ankawayang'ana m'mawa umenewu anali a dalaivala wotsekeredwa m'chitokosi. Ankamuganizira kuti anakankha abwana ake pamasitepe. Abwanawo, amene aliyense ankangowatchula kuti Bwana Mapu, anali ndi kampani yojambula mapu m'nyumba ina yosanja. Anapezeka dzana masana ali thasa pansi pa masitepe achitsulo akuseri kwa nyumbayo, khosi litathyoka. Mawa dalaivala anali woti akaonekere kukhoti, ndipo pochoka kumeneko anali wa kundende, kumene munthu woganiziridwa kupha amatha kumera imvi akudikira mlandu.

"Bwana, munthu wagwa, magazi akutuluka m'khutu, ine ndingoima ngati mtengo wa magetsi? Ndinawanyamula mutu. Magazi a pamalayawa ndi amenewo basi."

Sanakane kuti m'mawa wa tsikulo anayambana. Bwana Mapu anamutchula galu pamaso pa anthu chifukwa cha kukalika kwa chitseko cha galimoto, ndipo iye anayankha kuti tsiku lina adzaona. Koma mawu amenewo, iye anatero, amamuuza mkazi wake, amawauza oyendetsa anzake pamsewu, amaiuzanso wailesi timu yake ikaluza, ndipo onsewo ali moyo. Pa nthawi ya ngoziyo anali m'kati mwa galimoto akusesa. Anamva chinthu cholemera chikugubuduka pazitsulo, n'kutuluka, ndipo asanathamange anamva chitseko chikutsekedwa kumwamba. Sichinali chapamwamba penipeni, cha ofesi ya abwana, poti chimenecho apolisi anachipeza chili pululu. Chinali chapakati.

Apolisi amene anafika tsikulo anali ataiseka kale nkhani ya chitseko chapakati. Ogwira ntchito onse ankadziwa kuti chinamangika ndi dzimbiri kalekale. Komanso m'chipinda cha chitsekocho munali munthu mmodzi yekha, ndipo munthuyo anali ndi mboni yoti sanadzuke pampando.

Manja a dalaivala anali poyera, zikhato kumwamba ngati a munthu wopempha madzi. Sajeni anawayang'ana nthawi yaitali kuposa mmene ankafunira. Munthu wa m'chipinda chapakati uja anali mlongo wake.

* * *

Mlongo wakeyo kuntchito ankamutchula Pensulo, chifukwa cha kuonda, komanso chifukwa cha pensulo imene ikachoka kukhutu kwake inkapezeka ikuvina m'zala zake. Sajeni ndiye anamulera makolo atamwalira, ndipo mpaka pano ankagona m'chipinda chakumbuyo kwa nyumba ya Sajeniyo, limodzi ndi makina osokera a bambo awo. Sanali munthu wovuta. Lolemba lomweli ndiye anaperekeza Sajeni kukazulitsa dzino, n'kukhala naye pabenchi m'mawa wonse. Sajeni atamufunsa ngati abwana ake amulola, anangoseka n'kunena kuti achemwali asadandaule, palibe amene adziwe.

Mkulu wa polisi ankaudziwa ubalewo, koma anati palibe vuto, poti Pensulo sakuganiziridwa kanthu. Sajeni angopita akamalizitse kufunsa anthu, nkhani itsekedwe.

Anayambira kwa mlembi wa kampaniyo, mayi wa zikhadabo zazitali zofiira zimene zinkagogoda patebulo liwu lililonse likamatuluka.

"Ine, a Sajeni, miseche si yanga, aliyense akuuzani. Komatu malemuwo, Mulungu awakhululukire, sankakhulupirira ngakhale chithunzithunzi chawo."

Anafotokoza kuti Bwana Mapu anaika m'kompyuta iliyonse pulogalamu yolondera antchito. Inkayang'ana ngati mausi ikuyenda komanso ngati mafayilo akusungidwa. Antchito anaipatsa dzina loti Kapitawo. Munthu akangochoka pampando, dzina lake linkafiira pasikirini ya abwana ndi ya mlembi, ndipo posakhalitsa abwana ankatsika akubangula. Ngakhale kuchimbudzi anthu ankapita chothamanga, ena n'kumalizira kumanga lamba m'khonde.

Anatembenuza sikirini kuti Sajeni aone yekha. Dzina la Pensulo linali lobiriwira kuyambira nthawi ya nkhomaliro isanakwane mpaka pamene dalaivala anakuwa. Mlembiyo anawonjezera kuti mpando wake unapenya khonde, njira yokhayo yotulukira m'chipinda chojambulira, ndipo sipanadutse ngakhale mphemvu.

Sajeni anathokoza mlembiyo. Potembenuka kuti azipita, maso ake anagwera pakhoma. Panali mapu aakulu ngati chitseko, osonyeza mapaipi onse a madzi a pansi pa tauniyo, akuluakulu ndi ang'onoang'ono, olukanalukana ngati mitsempha ya kuseri kwa dzanja. Anawadziwa asanauzidwe. Mlongo wake anawakamba pa chakudya chamadzulo dzinja lonse ndi chisanu chonse, mpaka iye ankachita kulota mapaipi. Sanaganizepo kuti angakhale okongola chonchi. Anayandikira pakona yapansi, pamene pamalembedwa dzina la wojambula. Dzina linali la mwana wa Bwana Mapu.

"Amene amabwera kuno kudzangotchaja foni," anatero mlembi, zikhadabo zitasiya kugogoda. "Koma ine sindinanene kanthu."

Sajeni anafunsa kuti mapuwo anapachikidwa liti. Mlembi anati m'mawa wa tsiku la ngoziyo.

"Mlongo wanga anawaona?"

"Anaima pomwe mwaimapo. Sanalankhule ayi. Ndinangomva pensulo kuti thyo."

* * *

Chipinda chojambulira chinali chachitali, chonunkha mapepala ndi fumbi lotentha la makina. Pensulo anali pampando wake, pensulo yatsopano ili kukhutu. Kumbuyo kwake kunali chitseko chapakati chija, makatoni a mapepala akale atasanjikizidwa patsogolo pake.

"Achemwali, dzino lija lasiya kupweteka?"

"Pano ndine Sajeni. Unali kuti dzana masana?"

Anayankha mosadodoma. Anali pomwepo, akukonza mapu aakulu aja m'kompyuta, chifukwa mapaipi a mbali ya kumsika sankakumana bwino. Anali atavala zomvera nyimbo m'makutu, ndipo sanamve kanthu mpaka mlembi atalowa akulira. Ngati a Sajeni akukayika akafunse Kapitawo. Nkhope yake inali yosalala ngati ya mwana wogona. Manja onse awiri anali pansi pa tebulo. Chiyambire kuyenda, Sajeni anali asanamuonepo akulankhula zala zili duu.

Chitseko cha kukhonde chinatseguka popanda odi. Analowa mayi wamfupi wa magalasi okhuthala, chikwama kumsana, switi itatupitsa tsaya. Anadutsa anthu onse awiri n'kukaika chikhato pabokosi la kompyuta.

"Agogo, mwaswera bwanji? Akukuzunzanibe ana awa?"

Atatha kulonjera makina m'pamene analonjera anthu. Ameneyu anali Injiniya, katswiri wa makompyuta amene kampaniyo inkamuitana makina akadwala. Anapepesa za maliro mwachidule, n'kunena kuti wabwera kudzaona wodwala wake. Sabata yatha Pensulo anamuimbira kudandaula kuti kompyuta ikukwawa akatsegula mapu aakulu, ndiye iye anasiyamo kapulogalamu komvetsera mmene ubongo wa kompyutayo ukugwirira ntchito. Lero wabwera kudzaona zimene kamva.

"Ndimayesa munakachotsa tsiku lomwelo," anatero Pensulo.

"Ndikachotse bwanji, achimwene? Wodwala timamumvetsera sabata yathunthu. Sikanagone n'kamodzi komwe."

Manja a Pensulo anatuluka pansi pa tebulo, anafika m'mphepete, n'kubwereranso. Sajeni anamuuza kuti akadikire kwa mlembi.

* * *

Sajeni sankadziwa za makompyuta kupitirira kulemba lipoti ndi zala ziwiri, ndipo ananena zimenezo poyera. Injiniya anati ndi bwino choncho, ovuta ndi amene amadziwa theka. Anamasula chivindikiro cha m'mbali mwa bokosi n'kuloza pansi pa kafani kozungulira. Pamenepo, iye anatero, pali kachitsulo kosaposa chivindikiro cha botolo. Dzina lake pulosesa. Ndiwo ubongo wake.

Ntchito yake yaikulu, anapitiriza, ndi ziwiri: kutenga ndi kuika. Chilichonse chimene munthu amaona pasikirini, kaya mapu, kaya nyimbo, kaya kalata, ndiye kuti pulosesa yatenga kanthu mosungira, yakagwiritsa ntchito, n'kukaikanso. Ndipo amene anaipanga anaikamo timawerengero m'kati mwenimweni, toti nthawi iliyonse ikatenga tiwerenge, ikaika tiwerenge, tinenenso kumene chinthucho chapezeka, pafupi kapena kutali. Kapulogalamu kake kankangofunsa timawerengeroto kuti tafika pati, n'kujambula mizere.

Sajeni anafunsa kuti imatenga kangati.

"Phethirani," anatero Injiniya.

Sajeni anaphethira.

"Pamenepo yatenga kale kambiri kuposa anthu onse amene mwakumana nawo chibadwire. Muwonjezere ndi tsitsi la m'mutu mwawo. Ndipo kutenga kulikonse yakuwerenga."

Sajeni anawerama n'kusuzumira kafani kaja. Kamphepo kofunda kanamuomba kumaso. Iye anali atawerengapo anthu pachipata cha bwalo la mpira mpaka kusokonezeka, anali atatsutsanapo ndi mboni zolephera kukumbukira ngati wakuba anavala chipewa. Apa panali kanthu kokwana m'chikhato, kogwira ntchito yosaoneka mu mdima wa bokosi, n'kumadziwerengera kokha dzanja lililonse limene katambasula. Anafunsa motsitsa mawu, ngati ali m'tchalitchi, kuti zoti pafupi ndi kutali zikutanthauza chiyani.

Injiniya anati zinthu zimene pulosesa ikuzigwiritsa ntchito pafupipafupi imazisunga pambali pake penipeni, m'timatumba timene amatitcha kashe. Zikasowa m'menemo, imayenda ulendo kukazitenga ku memole yaikulu, ndipo ulendowo ndi umene umachedwetsa ntchito.

"Bambo anga mapini ankawaluma pakamwa," anatero Sajeni pang'onopang'ono. "Ulusi ndi sizasi patebulo. Koma nsalu yatsopano ankachita kudzukira kuchipinda chakuseri, akudandaula msana."

"Basi, ndi telala yemweyo. Ineyo ndinabwera kudzawerenga maulendo a kuchipinda chakuseriwo."

Anadina apa ndi apo, pasikirini n'kuoneka mizere itatu yoyenda kuchokera kumanzere. Wabuluu unali wa kutenga, wachikasu wa kuika, wofiira wa maulendo akutali. Yonse inkayenda chogona. Kenako Injiniya anatsegula mapu aakulu aja n'kuuza Sajeni kuti agwire mausi awakoke. Sajeni anapukuta dzanja pasiketi n'kugwira. Atangokoka, mizere inadumpha ngati mbalame zoponyedwa mwala, wofiira uli patsogolo. Atasiya, inatera. Anakokanso pang'ono, inanyamuka pang'ono. Anachotsa dzanja msanga ngati wagwira chamoyo.

"Chandimva," iye anatero.

"Chimamva aliyense. Sichidziwa dzina lanu, koma dzanja chimalimva."

Injiniya anabweza mizere kumbuyo, ku masiku apitawo, kuti aone ntchito ya Pensulo. Inali mapiri okhaokha, ena ataliatali, ena osongoka, pakati pake zigwa zosafanana. Anafotokoza kuti chigwa ndi pamene munthu waima kuganiza kapena kumwa tiyi, phiri ndi pamene wapeza chochita n'kukoka mbali ina ya mapu. Sajeni anayandikira sikirini. Anamuzindikira mlongo wake m'mizeremo monga mmene ankazindikirira mapazi ake pakhonde: kuyamba mwaulesi, kuima nthawi yaitali, kenako kuthamanga osapuma mpaka chinthu chithe. Ndi mmene ankadyera, ndi mmene ankachapira, ndi mmene anaphunzirira kupalasa njinga. Munthu yense anali pamenepo, wojambulidwa ndi kachitsulo kamene sikanamuonepo nkhope.

"Ndionetseni dzana," anatero.

M'mawa wa dzana mapiri analipo, okwiya, othithikana. Nthawi ya nkhomaliro itayandikira anatha mwadzidzidzi ngati adulidwa ndi sizasi. M'malo mwake munabwera timano ting'onoting'ono, tofanana msinkhu, totalikirana mofanana, ngati mano a chipeso. Mzere wofiira unagona pansi osadzukanso. Chipesocho chinayenda choncho mpaka chakumasana, kenako mapiri anayambiranso, onjenjemera.

Injiniya anasiya kuyamwa switi.

Sajeni anati mwina munthuyo ankaganiza. Injiniya anapukusa mutu n'kumuonetsa zigwa za masiku ena. Munthu akamaganiza mizere imagona, inde, koma siimenya mofanana chonchi, chifukwa palibe dzanja la munthu limene limasunga nthawi ngati wotchi. Anafufuza pang'ono m'kompyutamo n'kukapeza. Kanali kapulogalamu kakang'ono kobisidwa bwino, kogwedeza kamuvi ka mausi n'kumasunga kafayilo kamodzi komweko mobwerezabwereza. Kapitawo akaona kugwedera ankakhuta, dzina n'kukhala lobiriwira. Koma pulosesa inkadziwa kuti ikungotenga zomwezomwezo. Zonse zinali kale m'timatumba tapafupi, ndipo sinayende ulendo wakutali. Mapu aakulu ngati awa sangakonzedwe popanda mzere wofiira kudzuka.

"Telala akuti wasoka suti masana onse," anatero Sajeni, "koma sanadzuke kukatenga nsalu."

"Ankangosoka batani limodzi."

Komabe Injiniya anali munthu wosamala mawu. Anati mizereyi sikunena kuti munthu anachoka m'chipinda, ndipo sikunena kuti wina anakankha wina. Ikungonena kuti pa nthawiyo panalibe dzanja la munthu pantchito. Kuti atsimikize kuti chipesocho chimabwera munthu akachokadi, pangafunike tsiku lina limene wina akudziwa motsimikiza kumene Pensulo anali. Anabweza mizere kumbuyo kufunafuna, ndipo anachipeza chipeso china, chachitali, chodzaza m'mawa wonse.

"Ili ndi Lolemba. Pangapezeke munthu wodziwa kumene anali Lolemba m'mawa?"

Lilime la Sajeni linapita lokha pamene panali dzino.

* * *

Sajeni ananena kuti Lolemba m'mawa Pensulo anali naye iyeyo pabenchi ya kuchipatala cha mano, atamunyamulira chikwama, ndipo ndi mlongo wake, wobadwa naye mimba imodzi.

Injiniya anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali ndi m'mphepete mwa bulauzi. Popanda magalasi ankaoneka wotopa, ngati mayi wina aliyense. Ananena, osayang'ana Sajeni, kuti palibe amene anamutuma kusunga mizereyi. Nthawi zonse akatha kuona matenda a kompyuta amaifufuta, ndipo lero akanaifufutanso akanapanda kupeza wapolisi m'chipindamo. Kufufutako ndi kudina kamodzi. Sikuti akupereka maganizo, anatero, akungofotokoza mmene amagwirira ntchito.

Sajeni anayang'ana chala cha Injiniya, chimene chinali m'mwamba pang'ono, osagunda kanthu. Chinali chala chachilungamo, chodikira kuuzidwa. Kenako anayang'ana kafani kaja. M'kati mwakemo kachitsulo kanali kakuwerengabe, mamiliyoni pa mamiliyoni, pa nthawi yomweyi imene iye ankasowa chonena. Pa zaka zake zonse za upolisi anali ataona mboni zoopa, mboni zogulidwa, mboni zoiwala dala chifukwa wolakwa ndi mwana wa azakhali. Iye mwini anazikalipira zambiri. Mboni yopanda m'bale anali asanaionepo, ndipo lero atakumana nayo anachita nayo mantha ndi ulemu pamodzi.

Anadzuka n'kupita kuchitseko chapakati. Makatoni aja ankaoneka olemera, koma atakankha ndi bondo anaselereka onse pamodzi. Munali mapepala ochepa pamwamba pokha. Mpiringidzo wa chitsekocho unali wofiira ndi dzimbiri kunja, koma atautsekula unayenda mwakachetechete ngati lilime. Chitseko chinatseguka. Kunja kunali masitepe achitsulo, ena okwera ku ofesi ya Bwana Mapu, ena otsika kumene dalaivala ankaimika galimoto. Pansi penipeni wina anali atathirapo mchenga.

Ananunkhiza zala zake. Sanali mafuta a galimoto, sanalinso ophikira. Anali mafuta opepuka a makina osokera, a m'kabotolo ka mlomo wautali kamene kankakhala m'dilowa ya makina a bambo awo. Fungo limenelo ndi limene anakulira.

"A Injiniya," anatero asanatembenuke, "musafufute. Musunge pawiri, kwina mukhale nako inu, kwina mundipatse."

"Mwaganiza bwino, mayi?"

"Ndikaganiza bwino ndisintha. Sungani msanga."

* * *

Sajeni ndi Pensulo anapita kunyumba limodzi dzuwa likupendeka. Atafika, Pensulo analowa m'chipinda chake n'kukhala pampando wa makina osokera. Sajeni anakwera pabedi n'kutsitsa chikwama chakuda chimene chinkakhala pamwamba pa kabati, chomwe anamugulira popita kukoleji. Anachikuntha fumbi n'kuchitsegula pabedipo.

Pensulo anayamba yekha, akuyang'ana chikwamacho. Anati chitseko chija anachithira mafuta kalekale, kuti azitha kutuluka kukapuma mpweya Kapitawo osadziwa, ndipo sanabepo nthawi ya ntchito yoposa imene ankabweza madzulo. Dzana anakwera kukapempha chinthu chimodzi chokha, kuti dzina lake lilembedwe pamapu, ngakhale m'munsi, ngakhale ndi zilembo zazing'ono. Anawapeza abwana ataima pamasitepe akusuta. Anamuseka, n'kumamubaya pachifuwa ndi chala, amvekere mapensulo amagulidwa m'bokosi, ina ikathyoka umatenga ina. Iye anangokankha dzanjalo kuti lichoke pachifuwa pake. Phazi lawo linaphonya sitepe.

"Ndimayesa adzuka, achemwali. Ndinabwerera pampando ndikuyesa adzuka abwere kudzandichotsa ntchito."

"Atapanda kudzuka?"

"Ndimati dalaivala amutulutsa. Sanachite kanthu, ndiye angamusunge bwanji?"

Sajeni anatembenukira kukabati. Mlongo wake ankadziwa kumene paipi iliyonse ya tauniyo imadutsa, koma sankadziwa kuti ndende yadzaza ndi anthu amene sanachite kanthu. Anatsegula kabati n'kuyamba kusankha. Anatenga bulangete lokhuthala, poti simenti ya kumeneko imalowa m'mafupa. Anatenga mathalauza awiri a lasitiki m'chiuno, chifukwa lamba amalanda pachipata. Nsapato zazingwe anazikankhira pansi pa bedi n'kutenga patapata. Sopo anamudula pakati, theka n'kulikulunga m'sokosi kuti lisaoneke, chifukwa sopo wathunthu sagona usiku umodzi. Anaikamo mswachi, mafuta odzola, kapu yapulasitiki ndi juzi imene anamulukira yekha, ya mkono umodzi wautali kuposa unzake. Zikwama zotere anali atazisecha zambirimbiri pakauntala, akutulutsa zoletsedwa pamaso pa amayi olira. Kulongedza kunali koyamba.

"Mizere ija," anatero Pensulo, "waiona ndani wina?"

"Ine ndi Injiniya."

"Ndiye achemwali..."

"Usamalize. Ukamaliza ndidzakumbukira kuti unanena."

Anamuuza mmene ziyendere. Akafika kupolisi iye akapereka mlanduwo kwa wapolisi wina, chifukwa kuyambira tsopano si wofufuza ayi, ndi mboni ya Lolemba m'mawa. Pensulo akanene yekha zonse zimene wanena muno, ndi pakamwa pake, wina asanamufunse. Akanene za chala pachifuwa, akanenenso za makatoni. Zoti kunali kukankha munthu kapena kukankha dzanja akaweruza ndi a khoti. Iye adzamupezera loya, ndipo tsiku lililonse loona akaidi adzakhala pamzere ngati mlongo wa munthu, yunifolomu atasiya kunyumba. Koma dalaivala sakwera galimoto ya kundende mawa.

Pensulo anatulutsa manja n'kuwaika pamaondo, zikhato kumwamba. Sajeni anawayang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anali manja amene ankawadziwa.

Anatseka zipi ya chikwama. Kenako anayandikira, n'kusolola pensulo ija kukhutu kwa mlongo wake monga ankachitira akagona nayo ali mwana. Anatsegula dilowa ya makina, n'kuigoneka pambali pa mapini a bambo awo ndi kabotolo ka mafuta.

"Zosongoka salola," anatero.

Anakoleka chikwama paphewa lake iye mwini.

"Tiye kusanade. Kuli munthu m'chitokosi akudikira malo ake kunja."